Nsapato Zothina za a Buleki

Dzina loti a Buleki anawapatsa ndi ophunzira awo. Ntchito yawo inali yophunzitsa anthu kuyendetsa galimoto, ndipo m'galimoto yophunzitsira mphunzitsi amakhala ndi buleki yakeyake kumbali kwake. Ophunzirawo ankati iwe usanaone n'komwe kuti kutsogolo kwaipa, umangozindikira galimoto yaima, a Buleki ali phee kuyang'ana pawindo ngati sizikuwakhudza. Aphunzitsi ena amakalipa, ena amalanda chiwongolero, ena amaitana Mulungu mokweza. Iwo ankangoponda basi. Manja ankakhala pamaondo tsiku lonse, mawu ankatuluka owerengeka, ndipo kwa zaka makumi awiri ndi zinayi banja lonse linkadya kuchokera m'phazi lawo lakumanja.

Ndiye phazi limenelo litayamba kuchita dzanzi, sanauze munthu.

Linayamba mwaulemu. Poyamba ankangomva ngati sokosi yapindika kunsi kwa zala. Ankavula nsapato, kuwongola sokosiyo, kuvalanso, koma kupindika kuja kuli pomwepo. Patapita milungu ingapo lakumanzere nalo linatsatira mnzake. A Buleki sanali mwana, ankadziwa chimene chimayamba chotere. Bambo awo anayambanso ndi kudandaula za masokosi, kenako tsiku lina anaponda botolo losweka n'kuyenda mpaka kunyumba osamva kanthu, ndipo zaka zitatu zisanathe matenda a shuga anali atawadulitsa mwendo pabondo. Ankadziwanso lamulo la kuntchito, pajatu ndi iwo amene ankaliwerengera aphunzitsi atsopano: munthu amene mapazi ake sakumva bwino amatsika m'galimoto tsiku lomwelo, ndipo sakweranso. Zonse ziwirizi ankazidziwa bwino lomwe, n'chifukwa chake pachipatala ankangodutsa, maso ali kutsogolo.

Miyezi isanu inatha choncho. Kenako Loweruka lina kunabwera mwana wawo wamkazi, mmodzi yekhayo, amene kunyumba ankamutcha Kansomba chifukwa ali wamng'ono kumutulutsa m'bafa inali nkhondo. Tsopano anali atakula, ankagwira ntchito padziwe losambiramo, kuphunzitsa ana ndi kuyang'anira kuti pasamire munthu. Analowa atapanira bokosi m'khwapa, pepala lili kumanja.

"Adadi, ndakulembetsani."

"Wandilembetsa chiyani iwe?"

"Mpikisano. Amati tirayatiloni. Mumayamba kusambira, mukatuluka m'madzi mumakwera njinga, mukatsika njinga mumathamanga. Zonse tsiku limodzi, osapuma."

"Ndinakulakwira chiyani mwana iwe?"

"Mimbayo, adadi. Ikumalowa m'galimoto inu mukadali panja."

Mayi ake, amene anali telala ndipo makina awo ankakhala m'chipinda chochezera momwemo, anaseka mpaka mzere unakhota. Kansomba anatsegula bokosi lija. Munali nsapato zothamangira zabuluu, zopepuka moti ukanati sunanyamule kanthu. Zinali nambala 8. Nambalayo anaisunga m'mutu kuyambira ali pasukulu, nthawi imene ankapukuta nsapato za bambo ake Lamlungu lililonse, osadziwa kuti phazi la munthu limatambasuka ndi zaka.

A Buleki anakankha phazi mpaka linalowa. Zala zinaunjikana, chidendene chinakanirira, ndipo atayenda kawiri kuchokera pakhomo kukafika pawindo dzanzi lija linabwera lonse, lamphamvu kuposa masiku onse. Apa m'pamene munthu wanzeru akanati, mwanawe, zandithina, ukasinthitse. Koma a Buleki anaima pakati pa chipinda, mtima wawo n'kukhala pansi mmene unali usanakhalire kwa nthawi yaitali. Dzanzi lija tsopano linali ndi chifukwa, ndipo chifukwacho chinali chabuluu, cha zingwe, choti munthu angathe kuvula.

"Zakukwanani?" anafunsa Kansomba.

"Ngati anachita kundiyeza."

Kunena zoona, mpikisanowo unawabisa bwino kuposa mmene akanaganizira. Ludzu limene linkawazunza miyezi yonseyi tsopano linali ludzu la munthu wothamanga. Kuwonda kunali kwa munthu wothamanga. Kutopa masana, kupita kuchimbudzi pafupipafupi, zonse zinapeza mwini wake. Kuntchito anzawo ankawasisita pamimba n'kumati, "A Buleki, mwabwerera ku unyamatatu, tiuzeniko mankhwala ake." Iwo ankangomwetulira, n'kutsegula botolo lina la madzi.

Loweruka lililonse m'mawa ankayeserera zonse zitatu ndi Kansomba. M'madzi ndi mmene ankakonda. Ankasambira moipa, mutu uli m'mwamba ngati galu amene wagwera mumtsinje, koma m'madzi munthu suponda paliponse, ndiye mapazi sankawafunsa mafunso. Akatuluka ankathamangira njinga yotsamira pampanda, n'kupalasa maulendo asanu ndi limodzi kuzungulira msewu wa kuseri kwa mafakitale, kumene Loweruka sikudutsa magalimoto. Kenako inkabwera mbali imene Kansomba sankafuna nayo masewera: kusintha kuchoka panjinga kuyamba kuthamanga. Anthu a mpikisano umenewu ali ndi misala yawo. Masokosi savala, ati amadya nthawi. Zingwe za nsapato amachotsa n'kuikamo zamphira zongokoka kamodzi, ndipo m'kati amathiramo paudala wa ana kuti phazi lathukuta lingotsetserekeramo. Kansomba ankaima ndi wotchi m'manja, bambo wa zaka makumi asanu ndi ziwiri akulimbana ndi nsapato paudzu.

"Masekondi makumi anayi! Adadi, mukuvala ngati mukupita ku ukwati!"

Tsiku loyamba kuthamanga atangotsika njinga, anamva ngati abwereka miyendo ya munthu wina. Ananena zimenezo, mwina pofuna kumva kuti mwanayo ati chiyani.

"Aliyense amamva choncho akatsika njinga," anatero Kansomba, akuthamanga pambali pawo wopanda ndi befu lomwe. "Zimatha."

"Zimatha pakapita nthawi yaitali bwanji?"

"Mphindi khumi basi."

A Buleki anayang'ana wotchi yawo. Zinatha mphindi khumi, zinatha makumi atatu. Atamaliza anakhala paudzu akupumira m'mwamba, mwanayo akuwapatsira madzi.

"Mukudziwa chimene ndinakulembetserani?" anatero Kansomba. "Za mimba zija ndinkangocheza. Ndimakumbukira agogo, mmene ankandiitanira kuti ndiwapatsire ndodo. Sindikufuna inu mudzafike kumeneko. Akuti munthu akamathamanga, shuga samupeza."

"Wachita bwino, mwanawe."

Anafika kunyumba, anasamba, anadya, anagona masana, anadzuka. Mapazi anali mmene anawasiyira. Koma panali nsapato zoti aziloze, ndipo ankazilozadi. "Tinsapato timeneti," ankatero akuzivula pakhomo, mokweza ndithu kuti akazi awo amve kumakinako.

Kuntchito anayamba kachizolowezi katsopano. Asanafike pamphambano iliyonse ankaponya diso pansi kuti aone ngati phazi lili pa buleki, poti kulimva sankalimva. Kaponyedwe ka disoko kanali kachangu, palibe wophunzira anakaona. Koma eni akewo ankadziwa kuti mphunzitsi amene akuyang'ana phazi lake sakuyang'ana msewu, ndipo akanakhala mnzawo akuchita zimenezo bwenzi atamunenera kwa abwana tsiku lomwelo.

Wophunzira amene ankawadetsa nkhawa kwambiri anali mayi a makeke. Anali mayi achikulire, ophika makeke a maukwati. Zaka zonsezi amuna awo ndi amene ankaperekera makekewo pagalimoto, koma bambowo anayamba kuona mwachimbuuzi, adokotala n'kuwaletsa chiwongolero, ndiye mayiwo anayenera kuphunzira okha imvi zili kale m'mutu. Mayeso anali atalephera kawiri. Ankabwera Lachiwiri ndi Lachisanu nthawi ya 10 koloko akununkhira batala, n'kugwira chiwongolero ngati chithawa. Galimoto yaikulu ikangotulukira kutsogolo, iwo ankanyamula mapazi onse awiri m'mwamba n'kusiyira aphunzitsi.

"Mayi, buleki ndi yapakatiyo. Siluma."

"Ndikuidziwa, aphunzitsi. Koma poti inu muli pomwepo, ine mtima umakhala m'malo."

Mawu amenewo kale ankawasangalatsa a Buleki. Tsopano ankangowamva basi. Tsiku lina ali pamaloboti anafunsa, ngati ongocheza, kuti nanga bambo akunyumba masiku ano amatani.

"Amandiswera mazira," anatero mayi a makeke. "Akamaliza amakhala pawindo. Dzana ndinawapeza atakhala m'galimoto pagalaja, injini osaliza, manja ali pa chiwongolero. Ndinabwerera chakumbuyo kuti asandione."

A Buleki anawauza kuti nyali yasintha, alowetse giya yoyamba.

Patatha mwezi ndi theka, Loweruka lina atamaliza kuthamanga, Kansomba anatola nsapato zabuluu zija kuti aziike m'chikwama, n'kuzigundanitsa ndi zimene bambo ake anabwera atavala. Zakalezo zinali zazitali ndi zala ziwiri zathunthu. Mwanayo anagwira pakamwa.

"Adadi! Mwakhala mukuthamanga ndi zimenezi nthawi yonseyi? Bwanji osanena?"

"Unagula ndi mtima wabwino."

"Nanga mtima wabwinowo ndi umene mumavala kuphazi? Tiyeni, pompano."

Sitoloyo inali yopapatiza, makoma onse nsapato zokhazokha mpaka kudenga. Mwini wake anali mayi wowonda, wa minyewa m'miyendo, wooneka kuti nayenso anathamangapo masiku ake. Anawakhazika pabenchi n'kuika phazi lawo pa chitsulo choyezera.

"Teni," anatero. "Lakumanjali n'lotambalalanso. Eyiti munalowamo bwanji, bambo? Munachita kupaka sopo?"

Kansomba anangoti zyoli.

Mayiyo anabweretsa zina zakuda, anawaveka yekha, n'kudina ndi chala chake chachikulu kutsogolo kwa nsapato. "Apa pazitsala malo okwana chala chimodzi, chifukwa phazi limatupa mukamathamanga. Zingwe musamakoke ngati mukumanga katundu, pamwamba apa pamadutsa mitsempha. Mukumva pamene ndikudinapa?"

A Buleki anali akuyang'ana chalacho. "Ndikumva."

"Ndiye basi. Ambiri amabwera muno akulira dzanzi, ndikawasintha nsapato sindiwaonanso. Mawa lomweli mukhala mutaiwala." Anayamba kulongedza, ndipo akutseka bokosi anawonjezera mosalabadira n'komwe: "Likapanda kutha ndi zimenezi ndiye kuti si nsapato. Zikatero mupite akakuoneni."

M'mawa mwake anatuluka okha dzuwa litangotuluka. Anadutsa pa sitolo ya buledi eni ake akukweza zitseko zachitsulo, anadutsa pamalo omwetsera mafuta, analunjika kumlatho wodutsa pamwamba pa njanji. Nsapatozo zinali zabwino, chilungamo chinenedwe. Kuchidendene sizinkakhula, pamwamba sizinkapana, zala zinali ndi malo ovinira zikanafuna. Koma zalazo sizinkafuna kanthu. Kuyambira pachipata cha kunyumba mpaka pamlatho a Buleki ankamva phokoso la mapazi awo paphula, ankaona msewu ukubwerera m'mbuyo, koma pansi sankapamva. Anadzipatsa kilomita ina. Anamasula zingwe, anadzipatsanso ina.

Pobwerera anakhala pa kakhoma ka simenti kumapeto kwa mlatho n'kuvula yakumanja. Anatsina chala chachikulu ndi zikhadabo, mwamphamvu, mpaka chinayera. Atasiya anachiyang'ana chikubwerera mtundu wake pang'onopang'ono. Ankayembekezera kuti achita mantha, kapena alira, poti panalibe wowadziwa. Sizinabwere. Anangokhala, nsapato ili m'manja, sitima ya katundu ikudutsa kunsi, ndipo anawerenga mabogi ake onse mpaka lomaliza. Analipo makumi atatu ndi anayi.

Atafika kunyumba sanalowe kaye. Anatsegula kumbuyo kwa galimoto yakuntchito, ananyamula kapeti, n'kukankhira nsapato zatsopanozo kunsi kwa tayala la sipeya. Loweruka lotsatira anabwera kudziwe ndi zabuluu zija.

"Zatsopano zija zili kuti?" anafunsa Kansomba.

"Zikukhwepa kuchidendene. Izi ndinazizolowera kale. Si paja unkati munthu sasintha nsapato mpikisano utayandikira?"

Zinali zoona, ananenapo zimenezo, ndipo mwana akamva mawu ake omwe akutuluka m'kamwa mwa bambo ake amasowa poyambira. Anangopukusa mutu n'kudina wotchi.

Amene sanapusitsike ndi akazi awo. Munthu amene wakhala zaka makumi atatu akuyeza anthu ndi tepi amaona thupi likasintha, ndipo thalauza la amuna awo anali atalichepetsa kale kawiri m'chiuno. Loweruka limenelo, mayiwo akukutumula nsapato zabuluu pakhonde, munagwa chikhadabo chathunthu cha chala chachikulu, paudala atasanduka matope ofiira. Mwini chikhadabocho anali m'bafa akuimba mluzu.

Akazi awowo anadikira Lamlungu masana, a Buleki atakhala pasofa, mapazi atasanjika pa kampando, maso ali pafoni kuonera anthu akupalasa njinga m'mapiri. Mayiwo anakhala chapafupi ndi diresi ya kasitomala, akupinda m'munsi mwake pamanja.

"Bambo a Kansomba."

"Mm."

"Mwamva chiyani?"

"Ndamva mukundiitana."

"Ndakubayani kanayi ndi singano iyi. Kawiri pachala, kawiri pansi pa phazi."

A Buleki anatsitsa foni. Pachala chachiwiri panali kadontho ka magazi, kozungulira bwino, kakukula.

"Ndi nsapato zija."

"Nsapato munavula dzulo m'mawa."

"Zimatenga nthawi."

"Bambo a Kansomba, bala la apongozi ndinkatsuka ndine. Inu munkaima pakhomo, ine ndili ndi beseni. Musandiuze za nsapato."

Mawu awo sanakwere. Akanakwera bwenzi zili bwino, a Buleki akanapeza pokwiyira. Anangoyang'ana kadontho kaja, kudikira kuti mwina kayamba kuwawa.

"Mpikisano ukadutsa ndipita," anatero. "Kwatsala milungu itatu yokha. Mwana walimbikira."

"Musabisale kumbuyo kwa mwana. Nanga anthu a eni ake mumawanyamula m'galimoto aja? Nawonso adikire milungu itatu?"

"Zaka makumi awiri ndi zinayi, sindinagundepo ndi mphaka yemwe."

"Zaka zimenezo munali ndi mapazi."

"Ndiye ndikatsika m'galimoto muja ndizidzatani? Ndizidzakugwirirani tepi?"

"Muzidzandigwirira, mutaima ndi miyendo yanu iwiri." Anadula ulusi ndi mano. "Ine kuntchito kwanu sindipita, mwananso sindimuuza. Pakamwa muli napo."

Anakatenga thonje ndi mankhwala, anapukuta kadontho kaja, anatsuka pamene panachoka chikhadabo n'kumangapo bandeji. A Buleki ankangoonerera ngati akumanga mwendo wa tebulo. Ankadziwa kuti mkaziyu akunena zoona, ankadziwanso kuti anayenera kuchita manyazi, koma manyaziwo ankawaonera patali, sankawafika.

Lolemba anapita kuntchito. Lachiwiri anapita. Lachisanu m'mawa anathamanga makilomita asanu ndi atatu ndi zabuluu zija, anasamba, anavala zakuntchito, ndipo 10 koloko mayi a makeke anali atakhala kale pa chiwongolero, akukonza galasi limene linali bwinobwino.

"Lero tidutsa msewu wa kumsika," anatero a Buleki. "Mayeso anu adzadutsa kumeneko."

"Mayo ine. Kwa mabasi kuja?"

"Komweko."

Anayamba bwino. Giya yachiwiri inalowa osalira, ndipo pamphambano yoyamba anaima okha, ngakhale anaimira kutali moti galimoto ina ikanakwana kutsogolo kwawo. Mayiwo ankalankhula, poti mantha awo ankatulukira pakamwa. Ankanena za keke ya nsanjika zinayi yofunika mawa, ndi za mkwatibwi amene wasintha mtundu wa maluwa katatu. A Buleki ankangoti "mm", diso pansi, diso kumsewu, diso pansi.

Pafupi ndi msika panali basi itaima m'mbali mwa msewu, ikutsitsa anthu. A Buleki anaona chimene zaka zinawaphunzitsa kuona: kunsi kwa basiyo, kutsogolo kwa matayala, kunkaoneka mapazi akuyenda, awiri aakulu ndi awiri aang'ono. Nthawi yoyang'ana pansi panalibe. Anaponda ndi mphamvu zawo zonse mpaka msana unakankha mpando.

Galimoto sinamve. Inapitirira ndi liwiro lomwelo, ndipo kuseri kwa basi kunatulukira mayi atagwira dzanja kamtsikana kovala juzi yachikasu.

Kenako matayala analira, mitu inagwedezeka, injini inazima. Galimoto inaima mkono umodzi kuchokera pa chikwama cha mayiyo. Mayiyo anakokera mwana wake kumbuyo, anamenya boneti ndi chikhatho, anatukwana mawu awiri atatu, n'kuwoloka.

Phazi la mayi a makeke linali chipondere pa buleki. Kenako anayamba kuseka, misozi ili mbwee.

"Ndaponda! Aphunzitsi, ndaponda ndekha! Mwaona? Ndimadikira kuti muponda inu, ndiye nditaona kuti kuli zii ndati eee, lero andisiyira dala! Munadziwa bwanji kuti ndikwanitsa? Koma inu mtima wanu ndi wolimba, ine sindikanayerekeza."

A Buleki anayang'ana pansi. Phazi lawo lakumanja linali pa kapeti, pambali pa buleki, likukanikizabe mwamphamvu moti bondo linkanjenjemera. Sanadziwe kuti linatsetsereka nthawi yanji. Anachita kuliyang'anitsitsa kuti lileke, ndipo linaleka.

Akanatha kuvomera. Mawu anali kale pamlomo: inde mayi, ndinaona kuti mwakhwima. Mayiwo akanakauza amuna awo, akanakauzanso a kuukwati onse, mbiri ya a Buleki ikanakwera. Pawindo ankakaonabe kamtsikana kaja tsidya lina la msewu, kakutembenuka kuyang'ana galimoto, mayi ake akukakoka. Apa china chake chinawalasa pachifuwa, chakuthwa, chinthu choyamba kuchimva bwinobwino m'miyezi yonseyi. Anali mantha, ndipo anawawa kwambiri.

Kumbuyo magalimoto anayamba kuliza mahutala.

"Lizani injini, mayi. Pamaloboti apo mukhotere kumanja."

"Kumanja? Njira ya mayeso si yowongoka?"

"Lero za mayeso tazisiya. Mukanditule kuchipatala. Kuofesi ndiimbira tikafika, atumize mphunzitsi wina adzakutengeni."

Mayiwo anawayang'ana, kuseka kuja kukuzilala. "Mwadwala, aphunzitsi?"

"Sindinakusiyireni dala. Ndinaponda, koma ndinaponda pambali. Mapazi angawa sakumva, patha miyezi isanu ndi iwiri. Muyende pang'onopang'ono, ndipo musandidalire."

Mayi a makeke anapukuta manja pasiketi, analiza injini, anayang'ana pagalasi. Za keke sanazitchulenso. Anayenda ndi giya yachiwiri msewu wonsewo, mzere wa magalimoto ukukula kumbuyo kwawo, ndipo pachipatala anaimika galimoto mopingasa, kudya malo a anthu awiri. A Buleki anaona, koma sanawakonze. Anaimbira abwana awo, ananena zimene ananena m'mawu ochepa, kenako anatsika akuyang'ana pamene akuponda.

M'kati munali mabenchi ataliatali ndi fungo la mankhwala okolopera. Anadikira mpaka nambala yawo inaitanidwa. Pawindo lolembetsera panali kalaliki wa magalasi amene sanadzutse ndi mutu womwe. Anafunsa dzina, zaka, kumene amakhala, ndi dzina la wachibale woti aimbiridwe zitavuta. A Buleki anayankha zonse.

"Mumagwira ntchito yanji, bambo?"

Kalalikiyo anadikira, zala zili pamwamba pa mabatani.

"Ndinkaphunzitsa anthu kuyendetsa galimoto."

"Munasiya liti?"

A Buleki anayang'ana wotchi ya pakhoma.

"Cha m'ma hafu teni," anatero. "Lero lomwe."